PEPANI SAPOLETSA CHILONDA

Lero sindikulemberani mawu ozuna. Ndili nanu mlandu. Mumadziwa kusonkhera mtembo, koma wodwala simumusonkhera.

Maliro akagwa, dzuwa lisanalowe ufa wafika kale pasiwa. Adzukulu anyamula makasu, amayi a Chigwirizano avala yunifolomu, wa ku Joni watumiza ya bokosi pa foni, ndipo mbale ya chipepeso yazungulira kawiri. Zimenezi n'zabwino, musazisiye. Koma ndikufunsani: pamene munthuyo anali moyo, dokotala atanena kuti akufunika opaleshoni mwamsanga, mbale imeneyi inali kuti?

Ndikunena makamaka za abale athu achialubino. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino 134,636. Si alendo ayi. Ali m'midzi yathu, m'makwaya athu, m'kalasi ya ubatizo. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, pamene zigawenga zinayamba kuwasaka ndi kuwapha chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa, dziko lonse linafuula. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango, ndipo inunso munakwiya, moyenera. Koma alipo wakupha wina amene sabwera usiku ndi chikwanje. Amabwera masana, kumunda, aliyense akuona. Ndiye khansa yapakhungu, imene mu Africa muno imatenga anthu achialubino ambiri asanakwanitse zaka 40.

Mvetsani mmene zimakhalira, kuti pasapezeke wonena kuti sankadziwa. Chialubino ndi chibadwa. Mwana amabadwa nacho pamene bambo ndi mayi, onse awiri, ali ndi mbewu yake m'thupi, ngakhale iwo eni atakhala akuda bii. Kwa makolo otere, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe wachialubino ndi umodzi pa inayi. Tsono inu abambo amene mumathawa banja n'kumati mkazi anayenda njira zina, dziwani kuti theka la mbewuyo linachokera kwa inu. Khungu la mwana wotere lilibe melanin wokwanira, chinthu chimene chimadetsa khungu ndi kulitchinjiriza ku dzuwa. Dzuwa limene inu mumangotuluka nalo thukuta, iye limamuwotcha tsiku ndi tsiku. Ndipo kuno ku Mchinji chakudya chathu chili padzuwa: m'fodya, mu mtedza, mu soya, m'chimanga.

Matendawa amayamba ngati kachigamba kokhakhala pakhutu, pakhosi, pamlomo kapena pamkono. Pamenepo achipatala amatha kukapha ndi mankhwala ozizira kwambiri m'mphindi zochepa. Kakalekereredwa kamasanduka chilonda chosapola, chofunika kuchidula. Chikakula, amadula malo aakulu ndi kutenga khungu pantchafu kuti akamatepo. Khansayo ikafalikira m'thupi, mpeni wa dokotala suthanso kanthu. Mwezi uliwonse umene mukuchedwa, mtengo umakwera ndipo chiyembekezo chimatsika. Madzi akatayika saoleka.

Wina anena kuti, "Akulu a mpingo, chipatala cha boma n'chaulere." Zoona, mpeni wake ndi waulere. Koma kodi kabaza wochoka kuno ndi waulere? Akamutumiza kuchoka pachipatala cha paboma ku Mchinji kupita ku Kamuzu Central, mtunda woposa makilomita 100, minibasi imanyamula ulere? Wodwala sapita yekha. Pamafunika womudikirira, ndipo womudikirirayo amadya. Sapita kamodzi, lero akamuona, tsiku lina akadule kanyama kokapima, tsiku lina akamve zotsatira, tsiku lina akagonekedwe. Masiku onsewo munda uli wokha. Mzere wa odikira opaleshoni ukatalika, banja limaganiza za zipatala za mishoni monga St. Gabriel's ku Namitete kapena chathu cha ku Nkhoma, ndipo kumeneko pali cholipira. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zonsezi yakwera. Munthu amene chibadwire saona bwino, amene sukulu anailekera panjira chifukwa zolemba pabolodi sankaziona, amene ganyu wa masana amamudwalitsa, ndalama zimenezi azitenga kuti?

Wina anena kuti, "Imeneyo ndi nkhani yapachibale." Chabwino, ndilankhule ndi achibalewo. Inu atsibweni, eni mbumba, pa ukwati wa mwana wa mlongo wanu mumakhala patsogolo, pa milandu ya minda mumakhala patsogolo. Mwana yemweyo akatupa khutu, n'chifukwa chiyani foni yanu imasowa netiweki? Mbuzi imene mukuisungira tsiku la maliro ake, igulitseni lero akadali kupuma. Koma mpingo usabisale kumbuyo kwa achibale. Tsiku limene mwana ameneyu ankabatizidwa, mpingo unamulandira kukhala wake. Ubale wa ubatizo suthera pakhomo la tchalitchi.

Wina anena kuti, "Tikumupempherera." Pempherani, ndipo musaleke. Koma werengani Luka 10. Wansembe ndi Mlevi ankadziwa mapemphero kuposa Msamariya, komabe Ambuye sanawayamikire. Amene anatchedwa mnansi ndi uja anatsuka mabala, nakweza wovulalayo pa chiweto chake, natulutsa ndalama m'thumba kulipira mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kudzabweza zina zimene zidzaonjezereke. Chifundo cha m'fanizo limeneli chinali ndi bilu, ndipo biluyo inalipidwa. Makolo athu ananena kale kuti pepani sapoletsa chilonda.

Ndipo alipo ena, ndikuwadziwa, amene pakamwa sanena kanthu koma mumtima amati ndi tsoka la banjalo, mwina pali chimene makolo anachita. Amenewa ndi amene amanong'oneza wodwala kuti apite kwa sing'anga kapena kwa mneneri wogulitsa madzi m'botolo, ndalama yaulendo wa ku Lilongwe n'kuthera komweko chilonda chikukula. Pitani pa Yohane 9. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa wochimwa, kaya mwiniwake kaya makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri, namuchiritsa. Amene akufufuzabe tchimo pakhungu la mnzake akufunsa funso limene Ambuye analitseka kale.

Musanene kuti ndife osauka. Umphawi wathu ndikuudziwa, koma ndaonanso mphamvu zanu. Mpingo umene umafolera tchalitchi ndi malata, umene umachita Pepa Sande, umene umadzaza ngolo pa nthawi ya masika, sungalephere kukweza munthu mmodzi minibasi. Sinodi yathu ya Nkhoma inakula ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala pamodzi, chifukwa amene anadzala mpingo uno ankadziwa kuti Uthenga Wabwino umakhudza thupi lomwe. Mu Machitidwe 6, amasiye ena atayamba kuiwalika pa kugawa chakudya, atumwi sanangowatonthoza. Anasankha amuna asanu ndi awiri kuti ntchitoyo ikhale ndi eni ake.

Choncho ndikupempha bwalo la akulu a mpingo ndi madikoni kuti tikhazikitse thumba la odwala, losiyana ndi la maliro. Pokolola, banja lililonse lipereke ndowa ya soya kapena ya mtedza. Inu a m'tauni ndi a kunja tumizani pa foni monga mumachitira pa zovuta. Ndalamazo zisatuluke popanda anthu awiri kusaina, ndipo lipoti liziwerengedwa pamaso pa mpingo. Munthu akabwera ndi kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu, anyamuke sabata yomweyo, osadikira msonkhano wa mwezi wamawa. Thumba limeneli lithandizenso ana obadwa ndi matenda a sickle cell ndi ena onse amene chibadwa chawo chimawabwezera kuchipatala kawirikawiri.

Pali zinanso zosafuna thumba. Chipewa chachikulu chophimba makutu ndi khosi, ndi malaya a manja aatali, n'zotsika mtengo kuposa bokosi. Kumbutsani mbale wanu kukatenga mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi kukaonetsa kachigamba kalikonse kachilendo. Mukamulemba ganyu, mpatseni wa m'mamawa, wa madzulo kapena wa m'chigafa. Pa Sande sukulu mwana wachialubino akhale kutsogolo. Ndipo musajambule chilonda cha munthu n'kuchiika pa Facebook iye asanavomere; wodwala si chikwangwani chopemphera ndalama.

Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko lino. Ndani akudziwa chimene Mulungu waika mwa mwana amene akupsa ndi dzuwa m'munda mwanu lero? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulungu likubwerali, tikatuluka m'mapemphero, ndidzafunsa kuti nkhaniyi ilowe m'bwalo. Amene ali ndi chotsutsa abwere adzanene pamaso pa onse.

Ambuye atipatse mitima yofulumira kuposa matenda. Amen.