Mpini Ulingane ndi Dzanja la Mwini Khasu

Ine amene ndinathera unyamata wanga pa ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, m'mawa ndikulemba makilogalamu a masamba pa sikelo, madzulo ndikugogoda taipi mu ofesi, sindinaganizepo kuti pa ukalamba wanga ndidzagwira cholembera kuti nditchinjirize mnyamata amene amakhala pa kompyuta namenya nkhondo zosakhetsa mwazi. Koma popeza ndaona ndi maso anga chimene mdzukulu wanga wakhala akuchita pakhonde pathu pano kwa Kapichi m'masiku a tchuthi, ndiponso popeza anzanga a kumpingo akhala akundifunsa monyogodola ngati mwanayo analodzedwa ndi galasi lowala, ndayesa chanzeru kunena maganizo anga poyera, kuti wondidzudzula andidzudzule atamva kaye.

Masewera amene iye amakonda dzina lake ndi Age of Empires II, amene anatuluka mu 1999 nakonzedwanso mwatsopano mu 2019. Wosewera amayamba ndi kamudzi ka anthu owerengeka, ndipo ayenera kuwatuma kukafuna chakudya, kudula mitengo, kukumba golide ndi kuswa miyala, kumanga nyumba ndi malinga, kufikira atasonkhanitsa asilikali okwana kugonjetsa mnzake amene akuchita zomwezo kutsidya lina la dziko lomwelo. Mu 2015 eni ake anaonjezamo maufumu a mu Africa, ndipo mdzukulu wanga sasankha ena koma anthu a ku Mali. Ife amene tinakulira pa bawo tidziwa kuti pamene mnzako akuyendetsa njere m'maenje ake, iwe umakhala chete, nuwerenga, nufwenkha fodya ngati ufuna, kufikira nthawi yako itakwana. Koma m'masewera awa mulibe kudikirana, pakuti onse awiri amasewera pa nthawi imodzi, ndipo amene wachedwa kulamula, ngakhale nzeru zake zikhale zoposa za mnzake, amapeza mudzi wake uli phulusa.

Chifukwa cha ichi osewera sadalira mbewa ya kompyuta yokha. Lamulo lililonse lili ndi batani lake pa kiyibodi, ndipo achinyamata amati ndi ma hotkey: kudina H kumakufikitsa ku nyumba yaikulu ya mudzi, kudina Q pamenepo kumabala munthu mmodzi wantchito, amene mtengo wake ndi chakudya 50 ndipo amatenga masekondi 25 kuti atuluke, kugwira Ctrl pamodzi ndi nambala kumamanga gulu la asilikali pa nambalayo, kotero kuti pambuyo pake kudina nambala yokhayo kumawaitana onse. Dzanja lamanja likhala pa mbewa, lamanzere pa mabatani, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tsono amalume ake a mnyamatayu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anamtumizira kachipangizo kogwiritsidwapo kale ntchito, kofanana ndi chidutswa cha kiyibodi chodulidwira dzanja limodzi, kokhala ndi mabatani pafupifupi makumi awiri ndi kamtsamiro ka chikhatho ndi kabatani kena pansi pa chala chachikulu. Makampani onga Razer ndi Logitech ndiwo anatchukitsa tizipangizo totere, wina ndi Tartarus, wina ndi G13. Mabatani ake sabwera ndi ntchito ya masewera ako. Mwini wake ndiye ayenera kukhala pansi ndi kuuza lililonse chimene lidzachita.

Apa ndi pamene pagona mlandu wanga. Ine ndikunena kuti mnyamata amene wakhala masiku atatu ndi pepala ndi pensulo, kujambula dzanja lake ndi kugawira chala chilichonse ntchito yake, wachita chinthu cholemekezeka koposa amene walandira mabatani monga anawaikira wopanga, nawaloweza ngati katekisimu. Pakuti opanga masewera akale anasankha mabatani potsata chilembo choyamba cha mawu a Chingerezi, osati potsata kumene chala chifika. Mu StarCraft wa 1998, amene anatenga mitima ya anthu a ku South Korea kotero kuti ankaonetsedwa pa wailesi yakanema ndipo mu 2000 boma linavomereza bungwe la KeSPA loyang'anira osewera ake, wofuna kumanga nsanamira yotchedwa pylon ankadina B kenako P, ndipo P ameneyo ali kutali kudzanja lamanja la kiyibodi, kumene dzanja lamanzere silifika popanda kunyamuka. Kwa Mngerezi chilembocho chinali chikumbutso. Kwa mwana wa kwa Kapichi, amene m'mutu mwake mumamveka "manga" ndi "menya", chilembocho sichikumbutsa kanthu, changotsala mtunda wokha. Eni masewerawo nawonso anazindikira, pakuti mu StarCraft II wa 2010 anasamutsira nsanamirayo pa E, napatsanso osewera ufulu wosintha mabatani kapena kuwandandika monga zithunzi za malamulo zandandikidwira pa galasi. Ngakhale kiyibodi yeniyeniyo, imene mzere wake woyamba wa zilembo uyamba ndi Q, W, E, R, T, Y, inachokera ku taipi ya Christopher Latham Sholes imene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874, ndipo anaikonzera alembi a makalata a Chingerezi, osati akazembe a nkhondo. Ine ndinaigwadira zaka zonse za ukalaliki wanga osafunsa, ndipo chala changa chaching'ono chakumanzere, chimene chinkasenza chilembo A m'makalata onse a Chichewa, chikundikumbutsabe nyengo yozizira ikafika.

Amene afuna kumvetsa nkhani imeneyi asapite ku Korea; atsike m'munda wa tiyi mu Januwale, pamene mvula yagwa ndipo masamba aphuka mothamanga, naime pambali pa mayi amene watchola tiyi zaka makumi awiri. Adzaona kuti maso a mayiyo sali pa zala zake, koma patsogolo pang'ono, pa nsonga imene adzatchola pambuyo pake. Adzaona kuti manja onse awiri akuyenda paokha, lililonse likubudula masamba awiri ndi kansonga, nilisunga m'chikhatho kufikira chitadzaza, ndipo pokhapo ndiye dzanja limakwera paphewa kuponya m'dengu la kumsana. Mlendo wa sabata yoyamba amathamanga kuposa mayiyo, thukuta lili kamukamu, koma amakweza dzanja pa tsamba lililonse, ndipo pa sikelo dengu lake limandimvetsa chisoni ine wolemba. Kuthamanga sikufika. Liwiro la mayiyo lachokera pa kuchotsa mayendedwe onse osafunika, ndipo ichi ndicho chimene mdzukulu wanga akufunafuna pa kachipangizo kake, ngakhale iye sanatcholepo tsamba. Akatswiri ena a masewera otere amapitirira malamulo 300 pa mphindi imodzi. Palibe munthu angafike pamenepo akuyang'ana zala zake.

Sindibisa kuti anayamba ndi kulakwa. Anapeza pa intaneti dongosolo la mabatani la katswiri wina wa kunja, nalikopera lonse monga linalili, poyesa kuti mphamvu ya munthuyo ili m'mabataniwo; ndipo kwa masabata awiri anagonja motsatizana, pakuti pamene afuna kuitana apakavalo ankapezeka akumanga nyumba, ndipo chala chake chaching'ono, chimene n'chachifupi ngati cha malemu agogo ake aakazi, sichinkafika pamene katswiri uja anaika batani losonkhanitsa magulu. Ndinamkumbutsa za Davide, amene anavekedwa zida za Sauli nalephera kuyenda nazo, nazivula, natenga zimene dzanja lake linazolowera.

"Agogo, ndiye mukuti nditaye zonse?" anandifunsa.

"Iwe, khasu ukagula pa msika wa Luchenza, mpini umasema wekha," ndinamuyankha, "ndipo sufunsa msinkhu wa mnzako."

Zimene anachita pambuyo pake ndinazionera pafupi, ndili pa mpando wanga wa ndalema. Anasewera masewera atatu osasintha kanthu, nandipatsa ine pepala kuti ndiike kamzere nthawi iliyonse akatchula lamulo, monga ndinkachitira ndi madengu. Ndipo tinapeza kuti malamulo anayi kapena asanu okha ndiwo anadya theka la pepala. Amenewo anawaika pamene zala zitatu zapakati zimagona mwachibadwa, mkombaphala atapatsidwa kubala antchito chifukwa ndiko kosalekeza. Magulu a asilikali anawaika mzere wapamwamba pake, manambala 1 kufikira 5, nasiya 6 kufikira 0 amene pa kiyibodi wamba amafuna kutambasula dzanja. Ctrl ndi Shift, amene amagwiridwa pamodzi ndi ena, anawapereka ku chala chachikulu, chimene pa kiyibodi wamba chimangokhala pa batani limodzi lalitali ngati nduna yopanda mudzi. Ndipo batani lophwasula nyumba kapena kupha munthu wako yemwe analithamangitsira pangodya yakutali, pakuti tsiku lina anali atagwetsa linga lake ndi dzanja lake mdani ali pakhomo. Pomaliza anamata timapepala pa mabatani, nalumbira kuti sadzasinthanso kanthu kufikira mwezi utatha, chifukwa dzanja limaphunzira mochedwa kuposa mutu ndipo wosinthasintha tsiku ndi tsiku amaliphunzitsa chisokonezo chokha.

Pali batani limodzi limene linandikhalitsa chete. M'masewerawa muli lamulo lopezera wantchito amene waima osagwira kanthu, ndipo opanga analiika pa kadontho, kumunsi kudzanja lamanja. Mdzukulu wanga analisamutsira pafupi ndi chala chachikulu, nalidina kosaleka, kuti pasapezeke munthu wopuma m'mudzi mwake. Ndinamuyang'ana mwana ameneyu, amene makolo a makolo ake anatsika kuchokera ku Mozambique nalowa m'thangata la m'minda ya azungu, amene agogo ake aakazi anakalamba akuthawa diso la kapitawo kuti akwanitse mgwazo, ali pakhonde panga akusakasaka aulesi ndi chala chimodzi. Ndinamuuza zimenezi, ndipo anaseka, nati, "Agogo, awatu satopa, komanso salipidwa." Ndinati ndi zomwezo zimene eni minda akale ankalakalaka. Sindikuti masewerawo ndi oipa chifukwa cha ichi. Ndikungoti munthu wa ku Thyolo ayenera kudziwa mpando umene wakhalapo.

Kwa makolo anzanga ndivomereza zinthu ziwiri. Choyamba, kachipangizoka sikofunika kugula. Tambiri timawala mitundumitundu usiku, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kiyibodi yakale ya pa kaunjika ku Limbe imalola kusintha mabatani chimodzimodzi kudzera m'masewera momwemo. Amene angagulitse mbuzi chifukwa cha ichi ndidzakhala woyamba kumdzudzula. Chachiwiri, mwana amene wasiya mabuku chifukwa cha nkhondo za pa galasi ayenera kulandidwa chingwe cha magetsi, ndipo pakhomo panga kompyuta siyaka ntchito ya kusukulu isanathe, ngakhale batire la sola litadzaza. Koma pali chinthu chachitatu chimene ndimaletsa ine ndekha, chimene makolo ambiri sachidziwa. Tizipangizo timeneti timatha kusunga malamulo asanu kapena khumi pa batani limodzi, kuti ukadina kamodzi makina achite zonse motsatizana, ndipo achinyamata amati ndi macro. Pa mipikisano yolongosoka zimenezi n'zoletsedwa, pakuti lamulo ndi lakuti kudina kumodzi kukhale ntchito imodzi. Ndipo ine, amene ndinagwirapo anthu atabisa mwala pansi pa masamba kuti dengu lilemere, sindifuna wondimasulira chifukwa chake.

Sukulu yaukachenjede ya MUST, imene inatsegulidwa ku Ndata m'boma lathu lomwe lino mu 2014, imaphunzitsa achinyamata kupanga makina ndi mapulogalamu, ndipo mdzukulu wanga akuti akufuna kukalowa kumeneko. Kaya adzakhoza mayeso, adziwa ndi Mulungu ndi aphunzitsi ake. Dzulo madzulo, nkhungu itayamba kutsika m'mizere ya tiyi, anandikhazika pa mpando wake naika dzanja langa pa kachipangizo kaja, ndipo tinapeza kuti zala zanga, zimene zinapindika ndi taipi, zimagona mzere umodzi pansi pa pamene zake zimagona. Anatenga pepala lina nayamba kujambula dzanja langa, ndipo antchito anga a ku Mali anaima chiimire pafupi ndi nyumba yaikulu, popeza ndinamuuza kuti batani la aulesi asandiikire.