Chigumula cha Nowa Si Chikoti Chokwapulira Olira

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, mvula ya namondwe wotchedwa Freddy inagwa masiku angapo osakata kummwera kwa Malawi. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Maliro asanathe n'komwe, ndinamva munthu wina akulalikira m'basi. Anati: "Awa ndi masiku a Nowa. Mulungu wawalanga chifukwa cha machimo awo." Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndikana mawu amenewo, ndipo ndiwakana ndi Baibulo lomwelo limene iye ananyamula m'manja.

Inu anzanga amene mwaphunzira kuwerenga, muli ndi mwayi umene makolo ambiri analibe. Mukhoza kutsegula buku nokha. Tsegulani Genesis, kuyambira mutu 6 kufikira mutu 9. Ndi masamba ochepa chabe.

Sindikana kuti chigumula cha Nowa chinali chiweruzo. Bukulo litero poyera. Koma mlandu wake unali wotani? Tchimo limene litchulidwa ndi dzina ndilo chiwawa. Dziko linadzala nacho. Kale m'mutu 4 Kaini anapha mbale wake Abele. Pambuyo pake mdzukulu wake wina, Lameki, anadzitama pamaso pa akazi ake kuti anapha munthu chifukwa chomuvulaza chabe. Magazi a munthu anatsika mtengo. Ndiponso madzi ataphwa, Mulungu anapatsa Nowa lamulo la magazi, lakuti wopha mnzake adzafunsidwa mlandu. Chotero wofuna kulalikira za chigumula ayambe ndi akupha anzawo, ndi olanda katundu wa amasiye, ndi aja ogenda nkhalamba miyala poiganizira ufiti. Kumeneko ndiko kuli mlandu wa masiku a Nowa.

Anthu a ku Babulo analinso ndi nthano ya chigumula, yolembedwa pa mapale a dongo. M'nthano yawo anthu anachuluka nachita phokoso, mulungu wina wamkulu n'kusowa tulo, ndipo anawatumizira madzi. Genesis sanena zotere. Mulungu wa m'Genesis sali ngati munthu wolusa podzutsidwa pakati pa usiku. Bukulo linena kuti anamva chisoni mumtima mwake. Mlaliki wa m'basi uja analibe chisoni. Nkhope yake inali ya munthu amene wawina mlandu pabwalo.

Ambiri a ife tidziwa kuti chingalawa chinali cha mikono 300 m'litali, mikono 50 m'lifupi, ndi mikono 30 msinkhu wake. Tidziwa kuti mvula inagwa masiku 40 usana ndi usiku, kuti madzi anakhala pa dziko masiku 150, ndi kuti anapulumuka anthu 8. Koma njiwa ikangobwera ndi tsamba la azitona, titseka buku. Apo ndipo tilakwa, pakuti mtima wa nkhaniyi uli kutsogolo.

Kumapeto kwa mutu 8 Nowa anapereka nsembe. Pamenepo Mulungu anatsimikiza kuti sadzakanthanso zamoyo zonse monga anachitira. Tsono taonani chimene chitchulidwa pamodzi ndi lonjezolo: chakuti mtima wa munthu uli woipa kuyambira ubwana wake. Kodi si mtima woipa womwewo umene unaitana madzi m'mutu 6? Ndi womwewo. Madzi anatsuka nthaka, koma mtima sanautsuke. Umboni wake ndiye Nowa mwini wake. Munthu wolungama uja analima munda wa mphesa, namwa vinyo, naledzera, nagona wamaliseche m'hema. Mulungu anadziwa bwino anthu amene anali kuwalonjeza. Akadati azimiza anthu nthawi zonse akachimwa, sikukadatsala ngakhale mmodzi wolalikira m'basi.

M'mutu 9 Mulungu anachita pangano ndi Nowa, ndi ana ake, ndi nyama zomwe, kuti madzi sadzawononganso dziko lonse. Chizindikiro chake ndi utawaleza. Dzina lathuli ligwirizana bwino ndi Chihebri, chinenero chimene Genesis analembedwamo, pakuti kumenekonso liwu la utawaleza ndilo lomwelo la uta wa nkhondo. Uta wapachikidwa kumitambo, wopanda muvi. Patapita zaka zambiri, buku la Yesaya pa mutu 54 linakumbutsa anthu osweka mtima za madzi a Nowa. Silinawaopseze nawo, koma linawatonthoza ndi lumbiro lija.

Wina adzati: "Mulungu analonjeza za dziko lonse, sanalonjeze za mudzi umodzi. Akhoza kulanga mudzi." Chabwino. Koma wakuuzani ndani kuti mudzi wakutiwakuti walangidwa? Za masiku a Nowa tidziwa chifukwa bukulo linena kuti Mulungu analankhula ndi Nowa mvula isanagwe. Nanga za Chilobwe analankhula ndi yani? Ndipo taonani amene madzi anawatenga. Ambiri anali amphawi omanga m'mbali mwa phiri chifukwa malo abwino sangawakwanitse, paphiri pamene mitengo yogwira nthaka inatha kalekale. Pakati pawo panali ana a m'manja. Mvula ikakuona litsiro sikata. Ngati madziwo anali woweruza, anali woweruza wachilendo ndithu, womiza khanda n'kulambalala mbala yogona m'nyumba ya njerwa zootcha pamalo osafika matope.

Funso lotere linafikanso kwa Yesu, monga tiwerenga pa Luka mutu 13. Anthu anamuuza za Agalileya amene Pilato anawapha popereka nsembe. Iye anawonjezapo nkhani ya anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Kodi amenewo anali ochimwa koposa anzawo? Kawiri konse anayankha kuti iyayi, nauza ofunsawo kuti alape iwo eni. Ndipo pamene anatchula masiku a Nowa, pa Mateyu mutu 24, sanaloze manda a munthu aliyense. Anakumbutsa kuti anthu anali kudya, kumwa ndi kukwatira osadziwa kanthu kufikira madzi anafika, nawauza omumvera kuti akhale maso. Anali kulankhula ndi amoyo oimirira pamaso pake, ndipo pakati pa amoyo alipo mlaliki wa m'basi uja, ndi ife tonse amene tinamumvera titakhala pamipando youma.