Ndalama za CDF: kodi kugawa mofanana ndiko kugawa mwacilungamo?

Kwa zaka zambiri anthu a kumidzi akhala akudandaula kuti citukuko cimathera ku Lusaka ndi ku Copperbelt, m'mbali mwa njanji. Pofuna kuyankha dandaulo limeneli, boma la a Hakainde Hichilema linakweza thumba la citukuko la CDF m'caka ca 2022, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Pofika 2025 ndalamazi zinali K36.1 miliyoni, ndipo madera onse 156 anaikiridwa zofanana.

Apa ndi pamene pabuka mkangano watsopano. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 500,000 m'dera la Kanyama mu Lusaka, pamene boma lonse la Luangwa, lomwe ndi dera la Feira, linalibe ngakhale anthu 40,000. Izi zitanthauza kuti gawo la munthu mmodzi wa ku Feira linaposa la mnzake wa ku Kanyama kopitirira kakhumi. Okhala m'makomboni akuti mavuto awo si ocepa: ngalande zotsekeka, madzi osefukira m'dzinja ndi makalasi odzaza. Iwo amakumbutsa za kolera wa 2023 ndi 2024, pamene bwalo la National Heroes linasandulika cipatala.

Koma a kumidzi nawonso ali ndi mfundo zolimba. Kafukufuku wa boma wa 2022 anaonetsa kuti kumidzi anthu pafupifupi 79 pa 100 alionse ndi osauka, pamene m'mizinda ndi 32. Kumanga mlatho kapena kukumba cigayo ca madzi m'dera lakutali ngati Chama kumadya ndalama zambiri cifukwa simenti ndi makina zimayenda mtunda wautali pa misewu yoipa. Komanso khonsolo ya mumzinda imatolera misonkho ya nyumba, misika ndi masiteshoni a mabasi, pamene ya kumudzi imadalira kwambiri boma lalikulu.

Kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa mu December 2025, komwe kunalola kuonjezera madera a aphungu, kungacepetse kusiyanaku, koma sikungakuthetse. Anthu akupitiriza kusamukira m'mizinda, ndipo malire sadulidwa caka ndi caka.

Njira yomwe ingakhutiritse mbali zonse ndi yakuti dera lililonse lilandire gawo loyambira lofanana, kenaka zotsalazo zigawidwe poyang'ana kuculuka kwa anthu, umphawi ndi kukula kwa dera. Koma nayonso siingathandize ngati makhonsolo alibe akatswiri okwanira. Malipoti a mkulu wofufuza za ndalama za boma aonetsa kale kuti ndalama zina za CDF zinagona m'mabanki osagwira nchito. Mwana wa ku Kanyama ndi wa ku Feira onse akudikira desiki, ndipo ndalama yogona ku banki siithandiza aliyense wa iwo.