Chidole chabwino ndi chomwe chimatiyankhulitsa ndi mwana

Achinyamata anzathu, ambiri a ife kunyumba tili ndi kamwana ka chaka chimodzi kapena ziwiri. Ena ndi ang'ono athu, ena ndi ana a achemwali, ndipo ena ndi athuathu. M'mabanja momwe makolo anamwalira kapena akudwala, ndife amene timasambitsa anawa, kuwadyetsa phala ndi kuwabereka kumbuyo. Tikapezako kandalama timafuna kuwagulira chidole pamsika, ndipo maso athu amathamangira ka foni kapulasitiki koyimba nyimbo ndi kuthwanima magetsi. Ife alangizi a zaumoyo tikuti tiyambe taganiza kaye tisanatulutse ndalamayo.

Mwana saphunzira kuyankhula kuchokera ku chidole. Amaphunzira kwa munthu. Akaloza nkhuku n'kunena kuti "ku", ife n'kumuyankha kuti "Eya, nkhuku! Nkhuku ikudya chimanga," mawuwo amakhazikika m'mutu mwake chifukwa abwera pa nthawi yomwe iye amawafuna. Chidole cha mabatire sichidikira mwana ndipo sichimuyankha. Chimangolira chokha, mwana n'kumangoyang'ana, ife n'kupita kukachapa poganiza kuti akuphunzira.

Izi si zongoganizira ayi. Mu 2015 munatuluka zotsatira za kafukufuku yemwe anachita Anna Sosa wa ku Northern Arizona University m'dziko la America. Iye anajambula mawu a makolo 26 akusewera ndi ana awo a miyezi 10 mpaka 16. Pamene ankasewera ndi zidole za mabatire, makolo ankayankhula mawu ochepa ndiponso ankayankha anawo mwa apo ndi apo. Pamene ankaonera limodzi mabuku a zithunzi m'pamene ankacheza kwambiri.

Mwina wina anganene kuti zimenezo ndi za mayiko olemera. Tamvani za ku Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, mu mzinda wa Kingston anasankha ana 129 opinimbira ochokera m'mabanja osauka. Ena mwa anawa ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo ngati ife tomwe, kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri. Alangiziwo ankabwera ndi zidole zopanga pamanja ndi timabuku, n'kumaonetsa amayi kasewereredwe ndi kachezedwe ndi mwana. Patatha zaka 20, anawo atakula, anapezeka kuti amapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo omwe sanayenderedwe motero. M'mera mpoyamba.

Nanga tisankhe zotani?

Posankha choseweretsa tidzifunse funso limodzi: kodi chimenechi chitipatsa nkhani yoti tikambirane ndi mwana? Mpira wa chikulunga umafuna anthu awiri. Pokankhirana timati "landira", "ponya", "wagwa", "uli kuti?" ndipo mwana amaphunzira kudikira nthawi yake monga momwe timachitira pocheza. Kamwana kansanza kamabweretsa mawu a mphuno, maso, kugona, kulira ndi kusamba. Timakapu, chipande ndi mthiko zimayambitsa masanje, ndipo m'masanje muli mawu ambiri: thira, takasa, yatentha, yapsa, gawira agogo. Zitsononkho ndi timatabwa tosalala timaphunzitsa chachikulu ndi chaching'ono, pamwamba ndi pansi. Katoni yopanda kanthu lero ndi minibasi, mawa ndi nyumba.

Buku la zithunzi tingathe kupanga tokha. Tidule zithunzi za mbuzi, njinga, nthochi ndi nsomba m'makalendala akale, timate pa makatoni, tisoke ndi ulusi. Sipafunika kudziwa kuwerenga. Agogo akhoza kuloza chithunzi n'kufunsa kuti "Ichi n'chiyani?" kenaka n'kudikira. Kudikirako n'kofunika kwambiri. Tisamuyankhire mwana msanga, ndipo akalakwitsa tisamuseke. Akati "madi", ife tingoti "Ukufuna madzi? Nawa madzi."

Ena amakhulupirira kuti mwana akamaonera makatuni a Chingerezi pa foni adzakhala wanzeru kusukulu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka ziwiri asamaonere kanema kapena foni, ndipo a zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Tiyankhule ndi mwana m'chiyankhulo chomwe timachidziwa bwino, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Mwana wodziwa bwino chiyankhulo cha kwawo savutika kuwonjezerapo china.

Tisamale ndi izi

Mwana wa msinkhu uwu amaika chilichonse m'kamwa. Zitsekerero za mabotolo, mikanda, nyemba ndi mabatani zingamutsamwe. Timabatire tating'ono tozungulira ta m'zidole ndi toopsa zedi, chifukwa mwana akameza timawotcha kummero m'maola ochepa okha. Zikatero thamangirani kuchipatala. Galimoto ya mawaya isiyireni achimwene ake akuluakulu, chifukwa nsonga zake zingamubaye m'maso. Zidole zansanza tizichape ndi sopo n'kuziyanika padzuwa.

Tiziyang'ananso mmene mwana akukulira. Ana ambiri amatchula mawu oyamba akamakwanitsa chaka chimodzi, ndipo pofika zaka ziwiri amalumikiza mawu awiri monga "mama bwera". Ngati mwana satembenuka mukamuitana, saloza zinthu, akutuluka mafinya m'khutu, kapena wasiya kutchula mawu omwe ankatchula kale, musadikire. Kawauzeni a zaumoyo kusikelo ya ana. Ana omwe ali ndi kachirombo ka HIV koma sanayambe kulandira mankhwala amadwala makutu kawirikawiri ndipo amatha kuchedwa kuyankhula. N'chifukwa chake kuyezetsa mwana msanga ndi kumumwetsa ma ARV mwandondomeko kumathandizanso kakulidwe ka ubongo wake. Mwana wotere asasalidwe pa masewera. Kachiromboka sikafala pogwirizira mpira kapena chidole chimodzi.

Ntchito ya kalabu yathu

M'makalabu timachita zisudzo, mpira ndi zokambirana. Tiwonjezerepo tsiku limodzi pa mwezi lopanga zidole. Aliyense abwere ndi nsanza, makatoni, zitsononkho ndi ulusi. Zidolezo tikazipereke ku sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu ndi m'makomo momwe agogo akulera ana amasiye okha. Koma tisakangozisiya pakhonde n'kubwerera. Tikakhale pamphasa, tikasewere ndi mwanayo, agogo aone mmene tikumufunsira ndi kumudikira kuti ayankhe. Anyamata, ntchitoyi si ya atsikana okha. Mwana amafuna kumva mawu a malume ake ndi a bambo ake omwe.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu tikambirane nkhaniyi, tisankhe tsiku, ndipo tilembe makomo omwe tiyambire kuyendera.