Kodi Mwana wa Mkhristu Akaone ku Njakwa?

Makolo ena kuno ku Henga afunsa ngati n'koyenera kuti ana athu azipita kukaona malo amene makolo akale ankapembedzerako. Ena akuti potero tiitana ziwanda. Achinyamata ena angoseka, nati zonsezo n'zachabe. Ine ndiona kuti mbali zonse ziwiri zaphonya.

Taganizani za Njakwa, pafupi ndi boma la Rumphi, pamene mtsinje wa Rukuru uboola mapiri pochokera ku Nkhamanga kulowa m'chigwa cha Henga. Atumbuka akale ankati kumeneko n'kwawo kwa Chikhang'ombe, mzimu wooneka ngati chinjoka, ndipo kukawomba chimphepo ankati ali paulendo. Mvula ikakana, ankapereka nsembe. Achewa nawonso ankapempha mvula kwa Chisumphi ku Msinja ndi pa phiri la Bunda.

Zotere sizinali kwathu kokha. Ku Ireland kuli phiri la Tara, kumene ankalongera mafumu akulu. Pamwamba pake pali mwala wotchedwa Lia Fáil, umene ankati umafuula akauponda mfumu yeniyeni. Nthano yao imati Patrick anasonkha moto wa Pasaka pa phiri la Slane, moyang'anana ndi Tara, osaopa lamulo la mfumu. M'chaka cha 563 Columba anachoka ku Ireland nakakhala pa chilumba cha Iona, ndipo Uthenga Wabwino unafalikira mu Scotland. Ku Scotland komweko ndiko kunachokera Dr Robert Laws, amene anakhazikika ku Khondowe mu 1894. Motero anthu amene anatibweretsera Mau nawonso anali zidzukulu za anthu oopa mapiri. Lero ana ao amakwera Tara kukaphunzira mbiri yao, ndipo chifanizo cha Patrick chili pomwepo.

Choncho ndinena kuti anawo apite, koma asapite okha. Atsagane ndi munthu wachikulire wodziwa mbiri ya malowo ndi wodziwanso Malembo. Mwana amve kuti agogo ake sanali opusa: ankadziwa kuti mvula siichokera kwa munthu, ndipo ankafunafuna Mlengi mopapasa. Paulo pa phiri la ku Athens sanayambe ndi kutukwana maguwa a eni mudzi, koma anawalozera kwa Iye amene ankampembedza osamdziwa. Ifenso sitipita kukathira nsembe, ndiponso sitipita kukanyoza.

Palinso china. Kale mantha ndiwo ankasunga nkhalango za m'malo otere. Munthu sankadulamo ngakhale mzati. Lero manthawo atha, ndipo mapiri ambiri ameteka ndi nkhwangwa za ootcha makala. Chingakhale chamanyazi ngati oopa njoka anasunga mitengo, koma ife odziwa Mwini wake tiimaliza.

Makolo, nthawi ya tchuthi tengani ana anu. Mukafika muwafotokozere, mupemphere nao, ndipo musasiye moto m'tchire. Mau a akulu akoma akagonera.