Chikalata cha Makolo ndi Aphunzitsi a m'Boma la Luangwa pa Nkhani ya Masewera a m'Sukulu ndi Malo a ku Koleji

Ife makolo ndi aphunzitsi amene tili m'makomiti a sukulu za sekondale za m'boma la Luangwa, kuyambira kwa a Mfumu Yaikulu Mburuma, kudzera kwa a Mfumu Mphuka, mpaka pa Feira pamene Luangwa amathira m'Zambezi, tinakhala pansi kukambirana za masewera a m'sukulu ndi tsogolo la ana amene amasewerawo. Makolo anzathu anatisankha kuti tiziyang'anira maphunziro a ana awo, ndipo tikulankhula pa udindo umenewo.

Funso limene makolo akhala akutifunsa ndi lakuti: kodi mwana wodziwa kuthamanga kapena kugoletsa zigoli, luso lakelo limamutsegulira khomo la koleji? Yankho loona ndi lakuti muno m'Zambia chimene chimawerengedwa ndi zotsatira za mayeso a giredi 12 amene amakonzedwa ndi Examinations Council of Zambia. Wofuna malo ku University of Zambia ayenera kukhala ndi makirediti asanu, Chingerezi chili momwemo, ndipo amapikisana ndi anzake pa mapointi. Giredi ya 1 ndi 2 ndiyo yapamwamba, kirediti imathera pa 6, ndipo wopeza ma 7 ndi ma 8 wakhoza mayeso koma pa mpikisano wa malo watsalira. Ngongole ya maphunziro yochokera ku Higher Education Loans and Scholarships Board imapatsidwa kwa amene wapeza kale malo. Mendulo ya mwana wathu, yopachikidwa pa msomali m'nyumba, sichotsa pointi ngakhale imodzi.

Tikunena izi chifukwa ana ena amauzidwa zosiyana. Amamva za osewera mpira Barbra Banda ndi Patson Daka, amamva za Muzala Samukonga amene anatenga mendulo ya mkuwa pa mamita 400 ku Paris mu 2024, nayamba kuganiza kuti buku lingathe kudikira. Anthu amenewa timawanyadira. Koma mwambo wopereka malo ndi ndalama za maphunziro chifukwa cha masewera ndi wa ku America makamaka, kumene Samuel Matete, katswiri wa dziko lonse wa mu 1991 pa mamita 400 odumpha zotchinga, anaphunzira pa Auburn University. Ngakhale kumeneko, bungwe la NCAA limayamba laona magiredi a mwana lisanamulole kupikisana. Komanso ofufuza luso amafika kumene kuli mabwalo abwino. Bwalo la OYDC lili ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera pa Feira, ndipo mwana wa kuno amafika kumeneko kamodzikamodzi, ngati wafika n'komwe.

Zimene mwana wa m'chigwa muno amalipira kuti asewere sizochepa. Makalasi akatha amalowa m'bwalo louma gwa, nthawi zambiri wopanda nsapato, m'dzuwa limene wobadwira kumtunda sangalipirire. Woyendera ayenera kunyamuka kusanade, pakuti njira zathu timagawana ndi njovu, ndipo akafika kunyumba kuli madzi oti atunge kapena maukonde oti athandize kukonza. Nthawi yowerenga imathera pomwepo. Pa temu yoyamba ndi yachiwiri, pamene kuli mipikisano ya kuthamanga ndi ya mpira, amene wasankhidwa kuimira boma amasiya makalasi masiku angapo, ndipo pobwerera amapeza anzake atapita patsogolo pa masamu ndi sayansi. Kawirikawiri palibe amene amamubwezera zimene anaphonya. Ikakwana miyezi ya Okutobala ndi Novembala, m'kati mwa kutentha koopsa, amalemba mayeso omwewo amene akulemba mwana wa ku Kabulonga, mumzinda wa Lusaka.

Makolo ena pa misonkhano yathu ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa, choncho masewera angothetsedwa kwa ana a makalasi a mayeso. Maganizo amenewa tinawamvetsera mwaulemu, koma sitinagwirizane nawo. Aphunzitsi athu akuchitira umboni kuti pali anyamata amene akanakhala m'bwato pa Zambezi, ndi atsikana amene akanakwatiwa msanga, koma mpira unawasunga pa sukulu. Kuyambira mu 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu mpaka giredi 12, ana ambiri abwerera m'makalasi, ndipo ena mwa iwo chowagwira mtima ndi bwalo. Kuwalanda bwalolo ndi kuwatsegulira njira yotulukira. Vuto tikuliona pa kayendetsedwe ka masewera, pamene sukulu imalandira chikho mwana n'kutsala ndi satifiketi yosamupititsa kulikonse.

Tikukumbutsanso kuti phunziro la Physical Education limalembedwa pa mayeso ndipo giredi yake imaoneka pa satifiketi. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 2013 inaika masewera pakati pa njira za ntchito zamanja ndi luso, ndipo ndondomeko yatsopano ya mu 2023 yawasunga. Kwame Nkrumah University ku Kabwe imaphunzitsa aphunzitsi a phunziroli. Iyi ndiyo njira yooneka imene luso la m'bwalo lingasandukire malo a ku koleji, ndipo ikufuna mphunzitsi wophunzira bwino, mabuku ndi zipangizo.

Choncho tagwirizana kuti m'sukulu zathu mwana aliyense wopita kumpikisano azikonzeredwa maphunziro obwezera asanathe masabata awiri atabwerera, ndipo komiti ya makolo izifunsa za zimenezi pa msonkhano uliwonse. Tagwirizananso kuti masewera a tsiku ndi tsiku azitha nthawi yoti woyendera afike kwawo kukuwala, ndi kuti mwana amene magiredi ake akutsika aziitanidwa pamodzi ndi makolo ake asanaikidwe mu timu. Aphunzitsi a uphungu azifotokozera ana kuyambira chaka chawo choyamba kusekondale mmene mapointi amawerengedwera, kuti pasapezeke wodzidzimuka zotsatira zitatuluka.

Ku ofesi ya maphunziro ya boma lino ndi ku Unduna wa Zamaphunziro tikupempha aphunzitsi a Physical Education okwanira, ndi kalendala ya mipikisano yotuluka chaka chikamayamba. Kwa oyendetsa thumba la CDF tikupempha kuti pokonza za chitukuko akumbukire mabwalo a sukulu, ndi kuti pa mabasale a sukulu zogonera aganizire ana ochokera kutali. Mayunivesite ndi makoleji tikuwapempha kuti aganizire zoona mbiri ya mwana amene anaimira chigawo kapena dziko, makamaka pamene awiri alingana mapointi. Sitikupempha kuti muyeso utsitsidwe.

Inu makolo anzathu, mwana akabwera ndi mendulo muyamikireni, kenako mufunseni lipoti la temu. Ndipo komiti ya pa sukulu panu ikaitana msonkhano wa nkhaniyi, chonde bwerani.