Chikhululukiro cha msonkho chili ndi tsiku lake

Amalonda ambiri a ku Lulimile ndi madera ena a mzinda wa Lichinga amati akamva kuti boma lakhululukira ngongole za msonkho, amayesa ngongole yonse yafafanizidwa. Sizili choncho ai.

M'chaka cha 2019 boma la Mozambique lidakhazikitsa lamulo lokhululukira anthu amene adatsalira pa msonkho. Chimene lidakhululuka ndi chindapusa, chiongoladzanja ndi ndalama zolipirira mlandu basi. Msonkho weniweniwo munthu adayenera kuupereka ndithu, ndiponso nthawi yoikika isanathe. Wochedwa adaphonya mwayiwo, ngongole yake nkukhala momwe idaalili.

Tsono vuto lagona pa tsiku lomaliza. Munthu wogula nyemba ku Ngauma kapena kwa Mandimba amadikira kuti ayambe wagulitsa matumba ake. Ndalama zikapezeka akwera chapa, afika m'tauni Lachisanu masana, napeza mzere wa ku banki watulukira panja. Atumiza ndalamazo, mtima nkukhala pansi. Koma ndalama yochoka ku banki ina kupita ku inzake siifika nthawi zonse tsiku lomwelo, ndipo Lamulungu ndi masiku a tchuthi, monga 25 Juni kapena 4 Okutobala, mabanki satsegula. Iye akuti adalipira, a ku Finanças akuti m'buku mwao simunalowe kanthu. Wolakwa ndani pamenepa?

Makina nawonso sapangana ndi munthu. Mu Novembala 2018 makina a SIMO, amene amalumikiza mabanki ambiri m'dziko muno, adaima kwa masiku angapo kaamba ka kusamvana ndi kampani ya Bizfirst. Anthu adali ndi ndalama m'banki koma makadi ao osagwira ntchito.

Kunena zoona, sichilungamo kulanga munthu chifukwa cha kuchedwa kwa banki. Akuluakulu a Autoridade Tributária akadachita bwino kumalengeza poyera, ngakhale pa wailesi m'Chinyanja ndi m'Chiyao, tsiku limene amawerenga: lotumiza ndalama kapena lofika ndalamazo.

Pakadali pano, wamalonda amene wagwirizana ndi a msonkho za tsiku lolipira afunse funso limeneli asanachoke mu ofesimo. Alipire kukadali sabata yathunthu, aonetsetse kuti nambala yake ya NUIT yalembedwa bwino, kenaka atenge lisiti la ku banki nkukaonetsa ku Finanças kuti amupatse chikalata chao. Lisiti la pa makina limafufutika msanga, choncho alijambulitse tsiku lomwelo asanakwere chapa yobwerera kumudzi.